Kodi nkhani ya kubadwa kwa Yesu idachitikadi monga tidaiphunzirira?

Funso: Ndakhala ndikuphunzitsa Sande Sukulu kwa zaka zoposa 20, ndipo chaka chilichonse ndine amene ndimakonzekeretsa ana sewero la Khirisimasi. Mwana wanga wachisamba, yemwe ali ku yunivesite, atabwera kutchuthi adandipeza ndikusoka zovala za anzeru a kum'mawa, ndipo adandiuza kuti akatswiri a mbiri yakale adatulukira kale kuti nkhani yonseyi ndi nthano chabe. Akuti kalembera kudalibe, nyenyezi kudalibe, Herode sadaphe ana, ndipo ngakhale ku Betelehemu Yesu sadabadwireko. Ndidamukalipira kwambiri, koma usiku wake tulo sindidatione. Kodi zimenezi n'zoona? Kodi zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni bodza?

Yankho: Mayi, mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa simudanamize mwana aliyense, komanso mwana wanu sadapeke yekha zimene adakuuzanizo. Mafunso amenewa ndi akale, ndipo amaphunzitsidwa poyera m'maseminale ndi m'masukulu a ubusa. Buku lodziwika kwambiri pa nkhaniyi, lomwe lidatuluka mu 1977, adalilemba ndi Raymond Brown, wansembe wa Katolika wa ku America amene adakhalabe wansembe mpaka imfa yake. Vuto la mwana wanu ndi lakuti adathira zinthu zosiyana kulemera m'dengu limodzi n'kuzitcha zonse nthano. Zina mwa izo ndi zovutadi, zina n'zopepuka, ndipo zina sizikhudza n'komwe Baibulo koma miyambo imene idadza pambuyo pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho tiyeni tizione bwinobwino.

Mwa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano, awiri okha ndiwo amasimba za kubadwa kwa Yesu, ndiwo Mateyu ndi Luka, aliyense m'mitu yake iwiri yoyambirira. Marko, amene akatswiri ambiri amati ndiye adayamba kulembedwa cha m'ma 70 AD, amayambira pa Yohane M'batizi Yesu ali kale wamkulu. Paulo, yemwe makalata ake ndi akale kuposa Mauthenga Abwino onse, amangonena kuti Yesu adabadwa mwa mkazi, pa Agalatiya 4:4, ndiponso kuti adali wa mbewu ya Davide, pa Aroma 1:3. Mateyu ndi Luka adalemba cha pakati pa 80 ndi 90 AD, kutanthauza kuti padali patapita zaka zoposa 80 chibadwire mwanayo.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chipangano Chatsopano, pali ntchito imodzi imene ndimapatsa ophunzira atsopano, ndipo inunso muiyese. Pindani pepala pakati, mbali ina mulembe zimene Mateyu akunena ndi mbali ina zimene Luka akunena, osaonjezera chilichonse cha m'mutu mwanu. Kalasi imayamba ndi phokoso, koma pakatha theka la ola imakhala zii, ndipo nthawi zonse pamapezeka wina wotembenuza masamba uku ndi uku kufunafuna abusa a nkhosa m'buku la Mateyu. Mulibemo. Mwa Mateyu mngelo amalankhula ndi Yosefe m'maloto, anzeru a kum'mawa amapeza mwanayo m'nyumba, banja limathawira ku Ejipito, ndipo Herode atamwalira Yosefe amaopa kupita ku Yudeya chifukwa kumalamulira Archelaus, mwana wa Herodeyo, n'kukakhala ku Nazarete ngati munthu amene akusankha mudzi watsopano. Wowerenga Mateyu yekha angaganize kuti kwawo kwa Yosefe ndi Mariya kudali ku Betelehemu. Mwa Luka mngelo amalankhula ndi Mariya, kwawo ndi ku Nazarete kuyambira pachiyambi, ku Betelehemu amangopitako chifukwa cha kalembera, mwanayo amamuperekera ku Kachisi ku Yerusalemu atatha masiku 40 monga likulamulira buku la Levitiko mutu 12, ndipo Luka 2:39 imati atatsiriza zonse za chilamulo adabwerera ku Nazarete. Za Ejipito, za nyenyezi ndi za ukali wa Herode Luka sazitchula.

Anthu ambiri amalumikiza nkhani ziwirizi ponena kuti anzeru aja adafika patapita chaka kapena ziwiri, banjalo litabwereranso ku Betelehemu. Zimenezi si zosatheka, koma tivomereze kuti ulendo wachiwiriwo palibe mlembi amene adaulemba, timauikapo ndife kuti msoko ugwirane. Sewero lanu la Khirisimasi, monga masewero onse a mtunduwu padziko lapansi, ndi nkhani yachitatu yosokedwa kuchokera ku ziwirizo.

Pamene pali mfundo yolimba kwenikweni ndi pa kalembera, ndipo apa mwana wanu ali ndi pogwira. Luka 2:1-2 imati Kaisara Augustus adalamula kuti dziko lonse lilembedwe, ndipo kuti izi zidachitika Quirinius ali bwanamkubwa wa Siriya. Quirinius ndi munthu wodziwika bwino m'mbiri ya Aroma. Josephus, Myuda amene adalemba mbiri ya mtundu wake cha m'ma 93 AD, amati Quirinius adachititsa kalembera ku Yudeya mu 6 AD, Aroma atachotsa Archelaus pampando n'kuyamba kulamulira dzikolo okha. Cholinga chake chidali msonkho, ndipo anthu adakwiya mpaka Yudasi wa ku Galileya adayambitsa chipolowe, chomwe Luka yemweyo akuchitchula pa Machitidwe 5:37. Koma Herode Wamkulu adamwalira mu 4 BC, ndipo Mateyu amati Yesu adabadwa Herodeyo ali moyo, pamenenso Luka 1:5 imaika chiyambi cha nkhaniyi m'masiku a Herode. Pakati pa imfa ya Herode ndi kalembera wa Quirinius pali zaka pafupifupi 10, ndipo mwana sangabadwe mbali zonse ziwiri za mpata umenewu. Abwanamkubwa a Siriya a m'zaka zomaliza za Herode amadziwikanso ndi mayina, ndiwo Saturninus ndi Varus.

Palinso zina zodabwitsa. Augustus adalemba yekha kuti adachititsa kalembera katatu, mu 28 BC, 8 BC ndi 14 AD, koma ameneyu adali wowerenga nzika za Roma, osati anthu onse a m'maiko ogonjetsedwa. Ndiponso kalembera wa msonkho amafuna kudziwa kumene munthu akukhala ndi kumene kuli munda wake. Davide adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 1,000 Yosefe asanabadwe. Taganizani, Mayi, pa kalembera wathu wa mu 2018 boma likadalamula kuti aliyense akalembetse kumene kudachokera kholo lake la zaka 1,000 zapitazo, ndani akadadziwa basi yokwera? Ulendo wochoka ku Nazarete kukafika ku Betelehemu ndi wa makilomita pafupifupi 140, ndipo mu 6 AD Galileya, kumene kuli Nazarete, sadali m'manja mwa Quirinius koma mwa Herode Antipas, mwana wina wa Herode Wamkulu.

Akatswiri oteteza Luka ali ndi mayankho awo, ndipo ndi bwino muwadziwe. Ena amati Quirinius adalamulira Siriya kawiri, ndipo amaloza mwala wolembedwa umene udapezeka pafupi ndi Tivoli ku Italy mu 1764, koma mbali ya mwalawo imene padali dzina la mwini wake idasweka, kotero sutchula Quirinius. Ena amati mawu a Chigiriki otembenuzidwa kuti "woyamba" angatanthauzenso "usanachitike", ndiye kuti Luka akunena za kalembera wina wa m'mbuyo; ambiri odziwa Chigiriki amaona kuti kumeneku n'kukakamiza chiganizo. Ena amatchula chikalata cha pa gumbwa cha ku Ejipito cha mu 104 AD, m'mene bwanamkubwa Vibius Maximus adalamula anthu kubwerera kwawo kukalembetsa, ngakhale kuti "kwawo" kumeneko ndi kumene adali ndi nyumba, osati mudzi wa makolo akalekale. Ngati Yosefe adali ndi malo ku Betelehemu, ulendowo ukhoza kumveka, koma vuto la zaka likhalabe pomwepo. Maganizo anga ndi akuti Luka adadziwa kuti Yesu adabadwa chakumapeto kwa ufumu wa Herode, adadziwanso za kalembera wotchuka uja, ndipo adayandikizitsa zinthu ziwiri zimene zidatalikirana, monga momwe agogo posimba amatha kuika njala ndi dzombe m'chaka chimodzi pamene zidasiyana nyengo.

Nkhani ya kuphedwa kwa ana ndi yosiyana, chifukwa apa palibe umboni wotsutsa, pali kukhala chete kokha. Josephus adalemba zambiri za nkhanza za Herode, kuphatikizapo kupha mkazi wake Mariamne ndi ana ake aamuna atatu, womaliza mwa iwo patangotsala masiku asanu kuti iye mwini amwalire, koma za makanda a ku Betelehemu sadanenepo kanthu. Okayika amati munthu amene adalondola zoipa za Herode chotere sakadaiwala zimenezi. Oteteza amayankha kuti Betelehemu udali mudzi waung'ono, ana aamuna osapitirira zaka ziwiri akadakhala ochepa, ndipo imfa za ana a anthu wamba sizinkalowa m'mabuku a mbiri ya mafumu. Yankho limeneli ndi lanzeru, ndipo khalidwe la Herode likugwirizana ndi nkhaniyo. Chimene chimachititsa akatswiri ambiri kukayikabe ndi kufanana kwake ndi nkhani ya Mose: mfumu yoopa mwana, kupha makanda aamuna, mwana mmodzi kupulumuka, Ejipito. Mawu a mngelo pa Mateyu 2:20, akuti amene ankafuna moyo wa mwanayo adafa, ndi ofanana kwambiri ndi amene Mose adauzidwa pa Eksodo 4:19. Mateyu ankalembera anthu odziwa Malemba a Chiyuda, ndipo ankafuna kuti amve m'makutu mwawo kuti Mose watsopano wafika.

Za nyenyezi sinditaya nthawi yambiri. Anthu ayesa kuilumikiza ndi kukumana kwa mapulaneti a Jupiter ndi Saturn mu 7 BC, kumene katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler adakuwerengera, kapena ndi nyenyezi ya mchira ya Halley imene idaoneka mu 12 BC. Koma palibe pulaneti imene ingatsogolere anthu mtunda wa makilomita osakwana 10 kuchoka ku Yerusalemu n'kukaima pamwamba pa nyumba imodzi. Nyenyezi ya Mateyu ndi chozizwitsa kapena chizindikiro chochokera pa Numeri 24:17, ndipo kuifunafuna ndi makina oonera kumwamba n'kusamvetsa mtundu wa nkhani imene tikuwerenga.

Mndandanda wa makolo a Yesu nawonso sugwirizana. Mateyu 1:16 imati bambo wa Yosefe adali Yakobo, pamene Luka 3:23 imati adali Heli. Mateyu amadzera mwa Solomo, Luka mwa Natani, mwana wina wa Davide. Akhristu akale adaliona vutoli, moti Julius Africanus, m'zaka za m'ma 200, adalifotokoza ndi mwambo wa chokolo, kuti wina adali bambo womubereka ndi wina bambo wa mwa lamulo. Ganizo lotchuka lakuti Luka akupereka makolo a Mariya lili ndi vuto lakuti Lukayo akutchula Yosefe. Chosangalatsa ndi chakuti Mateyu sabisa zimene akuchita: amagawa mayina m'magulu atatu a mibadwo 14, ndipo kuti chiwerengero chikwane amadumpha mafumu atatu, Ahaziya, Yoasi ndi Amaziya, amene aliyense wowerenga mabuku a Mafumu angawapeze. M'Chiheberi zilembo zimaimiranso manambala, ndipo za dzina la Davide zikaphatikizidwa zimakwana 14. Amene adakhalapo pa bwalo la mlandu wa ufumu amadziwa kuti wofotokoza mzere wa banja satchula munthu aliyense, amatchula amene akusonyeza kuti mpando ndi wa yani.

Nanga Betelehemu? Apa akatswiri ndi ogawanika. Yesu ankadziwika ponseponse kuti ndi wa ku Nazarete, ndipo pa Yohane 7:41-42 anthu akumukana chifukwa choti Khristu ayenera kuchokera ku Betelehemu, popanda wina wowauza kuti adabadwira komweko. Okayika amati ulosi wa Mika 5:2 ndiwo udakokera nkhaniyi ku mudzi wa Davide, n'chifukwa chake alembi awiriwa amafikitsako banjali m'njira zosiyana. Ena amati Yohane ankalemba mochenjera, podziwa kuti owerenga ake akudziwa zoona zake, ndipo amaonjeza kuti alembi awiri amene sadaonerane akagwirizana pa malo, ndiye kuti mbiriyo ndi yakale kuposa onse awiri. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, ndipo mwana wanu sadaitchule. Ngakhale amasiyana pa zambiri, Mateyu ndi Luka amagwirizana kuti makolo adali Mariya ndi Yosefe, kuti adali atatomerana koma asadalowane, kuti Yosefe adali wa banja la Davide, kuti pathupi padali pa Mzimu Woyera, kuti dzina lidaperekedwa ndi mngelo, kuti mwanayo adabadwira ku Betelehemu m'masiku a Herode ndipo adakulira ku Nazarete. Zimenezi zikusonyeza kuti onse awiri adatunga pa chitsime chimene chidalipo kale iwo asanalembe.

Pa za kubadwa mwa namwali, mudzamva kuti mawu a Chiheberi a pa Yesaya 7:14, almah, amatanthauza mtsikana wa msinkhu wokwatiwa, kuti mneneriyo ankalankhula ndi mfumu Ahazi za mavuto a nthawi yake cha m'ma 734 BC, ndiponso kuti Mateyu adagwiritsa ntchito Baibulo la Chigiriki limene lidaika mawu akuti parthenos, namwali wosadziwa mwamuna. Zonsezi n'zoona. Koma Luka amasimba zomwezo osatchula vesi la Yesayali, choncho n'kovuta kunena kuti chikhulupirirochi chidangobadwa chifukwa cha katembenuzidwe ka liwu limodzi. Kupitirira apo, wolemba mbiri alibe chida choyezera ngati Mzimu Woyera adachita kanthu kapena ayi. Katswiri amene angakuuzeni kuti watsimikiza kuti zidachitika, kapena kuti watsimikiza kuti sizidachitike, wachoka pa ntchito yake ya mbiri ndipo akulankhula za chikhulupiriro chake.

Zotsalazo ndi zopepuka, chifukwa m'Baibulo mulibemo. Mateyu sanena kuti anzeru aja adali atatu kapena kuti adali mafumu. Chiwerengerocho chidachokera pa mphatso zitatu, ufumuwo pa Masalimo 72, ndipo mayina akuti Caspar, Melchior ndi Balthasar adadza patapita zaka mazana angapo. Bulu wokwerapo Mariya satchulidwa, ndipo ng'ombe ndi bulu za pa khola zidatengedwa pa Yesaya 1:3. Mawu amene timawerenga pa Luka 2:7 kuti "nyumba ya alendo", m'Chigiriki kataluma, ndi omwewo amene Luka 22:11 ikugwiritsa ntchito ponena za chipinda chimene Yesu adadyeramo Paska, kotero n'kutheka kuti banjali lidali kwa abale, chipinda cha alendo chitadzaza, ndipo mwana adagonekedwa mbali ya nyumba imene ziweto zinkagona usiku. Mwini nyumba wouma mtima amene ana amakonda kumusewera mulibe m'buku lililonse mwa awiriwa. Tsiku la 25 Disembala limapezeka koyamba m'kalendala ya mpingo wa ku Roma ya m'zaka za m'ma 330, ndipo mpingo wa ku Armenia mpaka lero umakumbukira kubadwaku pa 6 Januwale. Ngakhale chaka chenichenicho chidasokonekera pamene mmonke wina, Dionysius Exiguus, ankawerengera zaka kuyambira pa kubadwa kwa Khristu mu 525, n'chifukwa chake timapezeka tikunena zoseketsa zakuti Khristu adabadwa zaka zingapo "Khristu asanabadwe".

Akhristu ophunzira amaima m'malo osiyana pa zonsezi. Ena amakhulupirira kuti chilichonse chidachitika monga chidalembedwera, ndipo kuti tikadakhala ndi zolemba zonse za nthawiyo mipata ikadatsekeka. Ena, kuphatikizapo ambiri a Katolika ndi a Chipulotesitanti, amati pali maziko a mbiri amene alembi adawaveka mawu ndi zithunzi za Chipangano Chakale pofuna kuonetsa kuti mwanayu ndi yani, monga momwe alembi a nthawi imeneyo ankachitira posimba za kubadwa kwa anthu otchuka. Ine ndili m'gulu lachiwirili, ndipo Chikhulupiriro cha Atumwi ndimachinena Lamulungu lililonse popanda kuluma lilime. Koma dziwani kuti ngakhale akatswiri osapembedza, pafupifupi onse, sakayika kuti Yesu wa ku Nazarete adakhalako ndipo adapachikidwa pa ulamuliro wa Pontiyo Pilato, zimene Tacitus, Mroma wosakonda Akhristu, adazilembanso.

Choopsa chimene ndachiona kawirikawiri ndi cha mwana amene adaphunzitsidwa kuti vesi limodzi likapezeka ndi vuto ndiye kuti Baibulo lonse lagwa. Wotereyu akakumana ndi nkhani ya Quirinius m'chaka chake choyamba ku koleji amataya zonse tsiku limodzi, ndipo chimamupweteka kwambiri ndi kuganiza kuti akuluakulu ankadziwa koma adamubisira. Choopsa china ndi kuloweza mayankho a pa intaneti amene amalonjeza kuti vuto lililonse lidathetsedwa kale, chifukwa mwana wophunzira akawafufuza n'kupeza kuti mwala uja ulibe dzina, sadzakukhulupiriraninso pa zina. Kumukalipira kuja, ngakhale ndikukumvetsani, kudamuuza kuti funso lake ndi loopsa kuposa mmene lilili.

Ngati kusowa tuloku kukupitirira, kapena mwayamba kulephera kupemphera ndi kuimirira pamaso pa ana, musakhale nazo nokha. Pitani kwa abusa kapena ansembe anu, muwauze mosabisa kuti mukufuna kukambirana za Luka 2:2 ndi imfa ya Herode, ndipo ngati iwo sadazame pa zimenezi apempheni akulozereni kwa mphunzitsi wa Baibulo wa ku sukulu ya ubusa ya mpingo wanu, monga ku Zomba Theological University kapena ku seminale ya St Peter's ku Zomba komweko. Ngati nkhaniyi yafika poti inu ndi mwana wanu simukulankhulana, pamenepo pakufunika munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza, chifukwa vutolo silikhalanso la Quirinius.

Sewero lisaleke, ndipo zovala zija mumalize kusoka. Chaka chino mukhoza kuligawa pawiri, gulu lina lisewere "monga adalembera Luka" ndi lina "monga adalembera Mateyu", wowerenga atchule buku ndi mutu gawo lililonse lisanayambe. Ana okulirapo muwapatse pepala lopinda pakati lija, ndipo mwana wanu wa ku yunivesiteyo mumupemphe kuti adzakuthandizeni kuchonga mayankho awo tchuthi chisanathe.